Wamawotchi Wophwasula Mawu

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa msika ankangomutcha Wamawotchi. Kagome kake kanali pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo anakhalapo zaka makumi atatu, kagalasi kali m'diso. Koma mafoni atabwera ntchito inauma. Ndani angakonzetse wotchi nthawi ili m'thumba? Mkazi wake anafika potopa, n'kunena kuti mwezi ukatha abwerere kumudzi akagwire khasu. Mkuluyu zimenezo zinkamuwawa kwambiri.

Sukulu anailekeza panjira, koma anali ndi matenda amodzi: akaona chinthu, manja ankamuyabwa mpaka achiphwasule. Tsiku lina mphunzitsi wina wopuma anabwera ndi wotchi yolembedwa chronograph, n'kumuuza kuti liwulo ndi zidutswa ziwiri za Chigiriki, chron kutanthauza nthawi, graph kulemba. Wamawotchi anachita ngati watola chikwama. Kani mawu a Chingerezi nawonso ali ndi zam'kati! Anayamba kuvutitsa mphunzitsiyo kuti amuuze zina. Chidutswa chilichonse ankachilemba pakapepala n'kuchisunga m'timabotolo ta masikuluwu: temp ya Chilatini, nthawinso, ann chaka, syn pamodzi. Wobwera kudzasinthitsa batire ankachoka makutu atatopa.

Ndiye fakitale ya zakumwa inalengeza kuti ikufuna wosamalira mawotchi, koma wodziwa kuwerenga buku la malangizo. Wamawotchi anasita malaya n'kupita. Anapeza anyamata a masatifiketi ali ndandanda, ndipo mmodzi anamufunsa ngati waperekeza mwana.

Atalowa, bwana anamupatsa tsamba limodzi, n'kumulozera mawotchi atatu a pakhoma kuti achite zimene zalembedwa patsambalo. Pamwamba panali liwu lalitali limene anali asanalionepo, synchronize. Analiyang'anitsitsa. Kenako anachita zomwe amachita wotchi ikamuzunguza: analiphimba ndi chala n'kumaliona chidutswachidutswa. Syn, pamodzi. Chron, nthawi. Anangotsala pang'ono kukuwa ndi chimwemwe.

Anakwera pampando. Anyamata aja, amene analowa iye asanalowe, ankangofananitsa maola ndi mphindi basi, koma iye anagunditsa khutu pa wotchi iliyonse, kuimitsa iyi, kudikira iyo, mpaka zonse zitatu zinagunda ngati imodzi.

“Chingerezi munaphunzira kuti, bambo?” anafunsa bwanayo.

“Sindinaphunzire, bwana. Ndimangochiphwasula.”

Bwana anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anati ayambe Lolemba.

Minibasi sanaidikire. Anathamanga, nsapato zikumuluma, mpaka kunyumba, komwe anapeza mkazi wake akumanga mapoto m'thumba.

“Masulani zimenezo, mayi. Lolemba ndikuyamba ntchito.”

Mayiwo anamuyang'ana, chingwe chili m'manja. Kenako anakhala pathumba pomwepo n'kuyamba kulira uku akuseka.