Mfuti ya penti m'manja mwa amalume

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinafika ku South Bend, mzinda wa kutsidya kwa nyanja. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, mtima wapachala ngati mmene ndilili lero. Ndinkakhala ndi amalume, achimwene awo a mayi anga, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba pafupi ndi chipatala. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, woimba besi m'kwaya ya kutchalitchi.

Kusukulu ndinalibe mnzanga, chifukwa Chingerezi changa cha ku Zomba ankachiseka. Amene anandiitana anali Kyle, mzungu wa m'kalasi mwathu, kuti tikasewere peintibo m'nkhalango ya kuseri kwa famu ya agogo ake. Mumawomberana timipira ta penti, ndipo amene wapakidwa watuluka. Kampirako kakakupeza m'nthiti, malowo amapweteka sabata yonse, koma ine ndinabwerako ndikuseka. M'nkhalangomo panalibe wofunsa za kalankhulidwe.

Ndinagula mfuti yanga yogwirapo kale ntchito, yabuluu wowala, yokhala ndi kachitini ka timipira pamwamba. Inkaoneka ngati chidole, koma kuwombera inkawombera. Kenako anzangawo anayamba kukometsa zawo. Ankagula mipope yaitali, zotsamiritsa paphewa ndi zikuto zakuda, mpaka mfuti zawo zinkaoneka ngati za asilikali. Anapanga timu yokapikisana ndi magulu ena, ndipo Kyle anandiuza mosabisa kuti ndi chibuluu changacho sindingalowe.

Nyengo yonse yozizira ndinkagwira ganyu yochotsa sinoo, chipale chogwa ngati mvula, ndi fosholo m'makomo mwa anthu, zala zili gwa. Sinoo itasungunuka ndinakagula zipangizo zonsezo.

Amalume anandipeza pakhonde masana ndikumaliza kumanga. Ndinkadikira kuti andinene zowononga ndalama, ndipo yankho ndinali nditakonza kale. Iwo anangofunsa ngati tsopano iziwombera patali kuposa kale. Ndinati mwina pang'ono, koma nkhani yake ndi maonekedwe. Anaitenga, nakaima nayo pa kapinga, jekete lawo lakuda lili m'thupi.

"Woloka msewu, mphwanga. Ukafika patsidyapo utembenuke."

Ndinawoloka ndikung'ung'udza. Kenako ndinatembenuka. Amene anaima pa kapingapo sanalinso woimba besi. Anali bambo wakuda, wamtali, atanyamula mfuti ya nkhondo pakati pa nyumba za anthu. Katani ya nyumba yoyandikana inagwedezeka. Galimoto yomwe inkadutsa inachepetsa liwiro, kenako inachoka mothamanga. Ndinabwerera ndikuthamanga, nkuwakankhira m'nyumba.

"Iwe ukundidziwa, koma waopa," anatero titalowa. "Nanga wosandidziwa, yemwe ali ndi yake yeniyeni m'chiuno?"

Ndinakalipa. Ndinati Kyle amayenda nayo yake panjinga mpaka kusitolo, ndipo palibe amamuyang'ana kawiri. Ndinati si chilungamo. Ndinkafuna anditsutse kuti tikangane bwinobwino, koma anavomera kuti si chilungamodi, ndipo sanawonjezepo mawu onditonthoza.

"Mayi ako ndinawalonjeza kuti pobwerera kwathu udzatsika ndege ukuyenda wekha, osati m'bokosi," anatero. "Zinazo sindinalonjeze."

M'mawa mwake tinakabweza zipangizozo, zili m'katoni yotseka, kumbuyo kwa galimoto. Timu inapita popanda ine. Kyle anaimba foni masiku oyamba, kenako anasiya. Mfuti yabuluu ija inachita dzimbiri m'chipinda cha pansi, ndipo ine ndinabwerera kudyera ndekha kusukulu. Amalume ndinawakwiyira miyezi yambiri. Musandifunse chomwe ndinapindula. Ndili moyo, basi.

Lero ndimakhala ku Beech Grove, ndimayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, m'nyumba yosungira katundu. Mwana wanga wamwamuna, wobadwira kuno, anayamba yekha masewerawa. Mwezi watha anandionetsa pafoni zipangizo zomwe akufuna kuoda, zakuda, zofanana ndi zenizeni kuposa zanga zija. Ndinkafuna kuyankhula modekha, koma ndinazindikira ndikukuwa kale. Anandiyankha m'Chingerezi kuti nthawi inasintha, ndipo ine ndimaona ngozi paliponse.

Mtima utatsika ndinamuuza zomwe ndikudziwa. Masiki abwino otchinga kumaso, osachita nthunzi, gula. Kathanki kodalirika ka mpweya wowombetsa mfutiyo, gula. Zimenezo zimathandiza pamasewera. Koma chilichonse chongosintha maonekedwe, kwa iwe mtengo wake si womwe walembedwa pafonipo. Anagwedeza mutu ngati mmene amachitira ana a kuno akafuna kuti nkhani ithe.

Chomwe ndikumvetsa tsopano n'chakuti funso loti chinthu n'choyenera kugula kapena ayi silikhala ndi yankho limodzi m'dziko lino, limadalira dzanja lomwe lichigwire. Izi mwana sangazimve kwa bambo wokuwa, ndipo ine kuyankhula kwina sindikudziwa. Mnyamatayo wayamba ganyu m'sitolo ina ku Lafayette Road. Malipiro akamulowera, sadzafunikanso kundifunsa pogula zimenezo.