Masamba Asanu ndi Atatu a Buku la Bayoloje

Tchuthi chachikulu ndisanalowe Fomu 4 ndinachithera mu laibulale ya pa Boma, ndikuthandiza a kalaliki. Anali bambo wamfupi, wa imvi, wosavula jekete ngakhale dzuwa liwale bwanji, ndipo anakhala pa tebulo lolandirira mabuku kuyambira pamene laibulaleyo inatsegulidwa.

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: buku likabwezedwa, uwerenge masamba ake usanadinde. Pepala la m'buku ndi lofewa, ndipo kumidzi limapichira bwino fodya.

"Anthu athu sakuba buku ayi," ankatero. "Amangolisuta pang'onopang'ono."

Tsiku lina la msika, anthu atachuluka, mwamuna wina anabweretsa buku la Bayoloje, nati wangomubwezera mphwake. Ndinadinda osawerenga. M'mawa mwake a kalaliki anathamangitsa chala pa ngodya ya bukulo, naima.

"Mwanawe, mtima wa munthu wapita kuti?"

Masamba asanu ndi atatu onena za mtima ndi magazi anali atang'ambidwa bwinobwino. Bukulo linali limodzi lokha, ndipo ine, amene ndinkafuna unamwino, ndinkalidalira pa mayeso. Kusukulu kwathu buku lotero linkakhala ndi aphunzitsi okha.

"Buku lopereweza timalitumiza kulikulu," anatero. "Galimoto ibwera Lachisanu. Ndipo chimene chapita kumeneko sindinachionepo chikubwerera."

"Abambo, nanga masambawo atapezeka?"

"Ukawatola phulusa?"

"Ndikawalemba ndekha."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka anatsegula kabati, natenga mapepala oyera, nawayeza ndi bukulo, nawadula ndi lezala. Anandiuza kuti ku Kabwazi, pa sukulu ya mishoni, kuli asisitere ophunzitsa sayansi amene ali ndi buku lomwelo, ndipo anandilembera kalata yoti ndikawapatse.

Mu kope langa la tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti: "Lachitatu. Ndalakwa ndine. Buku silipita."

Pa depoti achinyamata a chipani anandiimitsa kufunsa khadi la chipanicho. Mwayi wake amayi anali atandimangirira lawo m'kampango. Nditatsika basi ndinayenda pansi mtunda wautali, mphepo ya m'mapiri ikundilowa m'mafupa. Asisitere anawerenga kalata, naseka, nandikhazika pa khonde. Sanalole kuti buku lawo lichoke pamaso pawo.

Ndinalemba mpaka dzuwa kupendeka. Mawu sanandivute. Chinandivuta ndi chithunzi cha mtima. Ndinachijambula katatu pa pepala lina, zala zitauma ndi kuzizira, ndisanayerekeze kuchiika pa pepala la a kalaliki. Ndinagona kwa azakhali anga chapafupi, ndipo Lachinayi masana ndinali nditabwerera.

A kalaliki sanandiyamike. Anawerenga mzere uliwonse, napeza pamene ndinaiwala kulemba nambala ya tsamba, nandipatsa cholembera. Atatero anatenga singano, ulusi ndi guluu.

"Bwera kuno uone. Singano imalowa mkati, osati m'mbali. Ukasoka ngati thumba la mbatata, buku silitseguka."

Anasoka mapepala awiri oyamba, otsalawo anandisiyira. Ndinadzibaya kawiri.

"Magazi tawalemba kale, usawonjezere ena," anatero.

Bukulo tinalitsendereza ndi njerwa ziwiri zokutidwa m'nyuzipepala. Lachisanu galimoto ya kulikulu inabwera, inanyamula bokosi la mabuku owonongeka, n'kupita. Lathu linali pansi pa njerwa.

Fumbi la galimoto litatha, a kalaliki anachotsa njerwazo, nandipatsa bukulo pamodzi ndi chidindo.

"Wabweza ndiwe, wolandira ndiwenso. Uyamba ndi chiyani?"

Ndinaika chidindo pambali. Ndinanyowetsa chala, ndikuyamba pa tsamba loyamba, iwo ali chiimire pambali panga, mpaka ndinafika lomaliza. Onse analipo. Ndinadinda, ndipo tsiku lomwelo ndinalibwereka.