Mluzu wa pa Lirangwe

A Malizani Chikhosi ankagwira ntchito yotchetcha udzu pabwalo la ndege la Chileka. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo anzawo ankawaseka kuti amagona ali chiimire. Ndege ikamanyamuka ankasiya chikwakwa n'kutsinzina, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono. Sikunali kugona ayi. M'kulira kwa injini ankamvamo mawu a babatoni, chigitala cha chingwe chimodzi chimene woyimba amachita kuchikhalira, chomwe iwo ankaliza paunyamata wawo.

Kalelo anali atatu m'gulu la Namzeze Jazz Band: a Malizani pa babatoni, a Laston pa banjo ndi kuyimba, a Yobu pa chitoliro chachitsulo. Kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe, ukwati wopanda iwo anthu ankati ndi maliro. Nyimbo ankapeka okha ali m'njira, akuyenda wapansi, babatoni ali pamutu.

Kenaka anyamata onse anatengeka ndi za ku Joni. A Laston ndi a Yobu analembetsa ku Wenela kukakumba mgodi, koma a Malizani anawakana chifukwa cha ng'ala ya m'diso lamanzere. Anaperekeza anzawowo, n'kuima pampanda wa bwalo mpaka ndege inasanduka kadontho. Ntchito anaipeza pomwepo. Anakwatira Lettie, mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo babatoni anakamuika kuseri kwa khitchini, kumene nkhuku zinayamba kuikira mazira m'bokosi lake.

Zaka zinapita. Boma litaimitsa za Wenela, amuna anayamba kubwerera kwawo. Lamulungu lina, anthu atangoweruka kutchalitchi, pakhomo pa a Malizani panafika bambo wonenepa, wa chipewa cha nthenga, banjo ali kumsana.

"Achimwene, chingwe chija chikadalipo?" anafunsa a Laston, moni asanapereke n'komwe.

"Chilipo. Koma muli nkhuku."

"Zichotseni. Anthu akundivutitsa m'basi, akuti Namzeze ilire kamodzi kokha."

"Nanga a Yobu?"

A Laston anavula chipewa. "Abwera. Koma chifuwa chawo chinatsala kumgodi."

Atapita kukawaona ku Lirangwe anawapeza pakhonde, ataonda, atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo. A Yobu anatulutsa chitoliro chawo, chonyezimirabe, n'kuchiika pakamwa. Kunangotuluka kampweya, kenaka chifuwa chosatha msanga.

"Musadandaule," anatero atapuma. "Ndidzangokhala nanu pamenepo nditachigwira. Anthu adzaone kuti tonse tilipo."

Anasankha Loweruka lina masana, anthu atakolola, pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa msika wa Lirangwe. A Laston anakapempha chilolezo kwa tcheyamani wa chipani, ndipo anyamata a yufi anaima panjira kuona makhadi a chipanicho. Anthu anabwerabe, ena panjinga kuchokera ku Lunzu, ena pangolo. Atsikana amene kale ankavina mpaka mipango kugwa anafika ali ndi ana kumbuyo. Lettie, amene anali asanawamvepo amuna ake akuyimba, anakhala patali pachitenje chake.

Anayamba ndi nyimbo yotamanda boma, monga zinkakhalira masiku amenewo, anthu n'kuwomba m'manja mwaulemu. Kenaka a Laston anawatsinzinira diso a Malizani n'kuyamba "Sikina Usalire Panjira". Nthungululu zinabuka. Fumbi linakwera n'kumayandama m'kuwala kodutsa m'masamba, ndipo kwa a Malizani nkhope zonse zija zinkaoneka ngati akuziona pansi pa madzi. Zala zawo zinkapeza zokha njira pachingwe.

Koma nyimbo ija inali ndi malo ake pamene banjo amatsika, woyimba n'kukhala chete, kusiyira chitoliro chokha. Pokonzekera palibe anali atalimba mtima kutchula za malo amenewo. Atafikapo, a Laston anasiya kuyimba mwachizolowezi. Panatsala babatoni yekha, du, du, du, ngati munthu akugogoda pakhomo pa nyumba yopanda anthu. Ovina anaima. A Malizani anatsala pang'ono kuchigwira chingwe kuti chileke.

Mluzu unachokera kumbuyo. Anali a Potiphar, okonza njinga pamsikapo, ataimirira pafupi ndi ngolo, akuyimba ndendende mmene chitoliro chinkayendera. Wina anawalandira, kenaka wina, mpaka amuna onse. Amayi anatsatira chong'ung'udza, milomo ili chitsekere. Ngakhale mnyamata mmodzi wa yufi anaiwala makhadi ali m'manja. A Yobu anakweza chitoliro n'kuchigunditsa pamlomo osauzira, zala zikuvina pamabowo, maso atatseka. Munthu wongofika akanalumbira kuti mawu onsewo akutuluka m'kachitsulo kameneko.

A Malizani sanadziwe kuti malo amenewo anawabwereza kangati. Ankangoona msewu wofiira wa kale uja ukutambasuka, atatu akuyenda, mapiri ali buluu kutali, palibe amene akutopa.

Nyimbo itatha anthu anayang'anana ngati odzuka kutulo. A Yobu anawakoka malaya a Malizani kuti awerame.

"Mwawamva a Potiphar?" ananong'ona. "Pokhota paja aphonya." Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, misozi ili mbwembwembwe.

Namzeze sinayimbenso. A Laston anatsegula golosale ku Lunzu, banjo n'kumupachika pamwamba pa sopo. A Yobu anaona dzinja lina ndi linzake asanamwalire. Masiku onsewo a Malizani ankapalasa njinga Lamulungu masana kupita ku Lirangwe, Lettie atawamangira mbatata zootcha m'kansalu. Ankakhala awiri ndi a Yobu pakhonde, akuonerera mabasi opita ku Mwanza, mpaka chithunzithunzi cha nyumba chitafika pamsewu.