Nsapato Yakumanzere ya Mwana wa a Chidendene

A Chidendene asoka nsapato pakhonde la sitolo ya utoto zaka makumi atatu. Munthu samuyang'ana kumaso, amayambira kumapazi. Sukulu sanapite nayo patali, koma akatembenuza nsapato yako amakuuza kuti ukuyenda mopendekera iwe mwini usanadziwe.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi. Ali wamng'ono anathyoka mwendo wakumanzere, mwendowo n'kutsalira pokula. Chaka ndi chaka bambo ake ankamuwonjezera labala wa tayala pansi pa nsapato, mpaka soliyo inafika zala zitatu, ngati njerwa.

Mtsikanayo atakula, dokotala wa mafupa anati mwendowo ungathe kutalikitsidwa. Anadula fupa m'munsi mwa bondo, n'kulibaya mawaya, mawayawo n'kuwamangirira ku mikombero iwiri yachitsulo. Mikomberoyo imalumikizana ndi tindodo titatu, kalikonse ndi nati yake. Nati iliyonse umaipotokola pang'ono kanayi pa tsiku. Fupa limanka litalikirana, latsopano n'kumamera pakatipo. Sipanala anapatsa mayi ake, poti ndiwo ankakhala pakhomo.

A Chidendene ntchito yawo inali ya mpeni. Mwendo ukamatalika, Loweruka lililonse ankachekako soli pang'ono kuti mwana aziponda molingana akamayenda ndi ndodo zake.

Loweruka lachinayi anaitembenuza nsapato ija, n'kupeza yadyeka chakunja kokha.

"Amake mwana, manatiwa mukupotokola onse?"

"Inu sokani nsapato. Udokotalawo munauphunzira pakhonde pomwepo?"

Anaulula ndi mwanayo. Nati yamkati inkawawa ngati akumuzula dzino, ndiye mayi ake ankamumvera chisoni n'kumailumpha. Mayiwo sanakane. Anangoti wobereka ndi iwowo, kulira kwa mwana kumawalowa m'mimba, osati m'khutu ngati anthu ena.

A Chidendene sanakangane nawo. Lolemba anatenga mwana, nsapato ili m'jumbo, ulendo kuchipatala. Namwino anati tsiku lawo silinakwane. Iwo anatulutsa nsapato n'kuiika patebulo chagada, n'kunena kuti sachoka. Dokotala podutsa anaitola, anaiyang'ana, n'kulamula kuti mwendo ujambulidwe. Fupa linali litayambadi kukhota. Anawauza mosabisa kuti likanauma choncho akanalidulanso. Anawalembera papepala mapotokoledwe atsopano, nati yamkati ija kuwonjezera mpaka mwendo uwongoke.

Sipanala inapita m'thumba la bambo. Ankapotokola m'mawa asanachoke, masana n'kufunditsa nsapato za eni ake chiguduli n'kubwerera kunyumba, kenaka madzulo, kenaka pokagona. Mwana ankalira, iwo nkhope ili gwa ngati akukhoma msomali. Mayi ankatuluka kukachapa zovala zochapa kale.

"Bambo, inu mtima mulibe," ankatero mwanayo.

"Ndili nawo. Bweretsa mwendowo."

Soli inanka ichepa mpaka inafanana ndi inzake. Fupa analidikira miyezi ina kuti liume, kenaka zitsulo anachotsa. Zipsera za mawaya zilipo, timadontho ngati pobaya singano yosokera nsapato ya bambo ake.

Nsapato zoyamba kugula yekha mtsikanayo anasankha zapulasitiki, zosasokeka n'komwe. A Chidendene anadandaula sabata yathunthu kuti mwana wa wosoka nsapato wawachititsa manyazi pamsika. Koma akazivula pakhomo, amadikira alowe m'nyumba, n'kuzitembenuza zonse ziwiri. Zikudyeka mofanana.