Ndinagwada pa Mayeso a Chingerezi

Ndikukumbukira kutentha kwa tsikulo, malata a sukulu yathu ya kufupi ndi Bangula akuthetheka ngati ang'ambika. Ndinali mu Sitandade 7. Kunyumba tinkayankhula Chisena, kusukulu Chichewa. Chingerezi ndinkachikonda mwakachetechete, ndikumachilemba m'kabuku kanga momwe munalibe wondiseka.

Aphunzitsi athu a Chingerezi, a Mpinga, ankafuna mwana mmodzi woti akaimire sukulu pa mpikisano ku boma la Nsanje. Pa mayeso olemba ndinaposa onse. Kunatsala a pakamwa: aliyense alowe mu ofesi, akabwereke buku m'Chingerezi. Ku bomako ndinali ndisanapondeko, ndipo amayi anali atandichapira kale yunifolomu.

Ndinagogoda, ndinalowa, n'kugwada pambali pa tebulo. Simenti inali yofunda, fumbi la choko lili mbuu. Ndinawapatsa moni m'Chingerezi chopanda cholakwika, ndinafunsa m'mene adzukira ndi m'mene kunyumba kulili. Kenako ndinakhala chete, maso pansi. Kwathu mwana satchula chimene wadzera mpaka wamkulu atamufunsa. Ndinadikira. Iwo ankangogogoda tebulo ndi cholembera. Ntchentche inatera pamkono panga, sindinaiingitse.

"Basi, tuluka," anatero. "Mawu ukuwadziwa, koma kupempha sudziwa."

Malita, mwana wa mwini golosale amene anakhalako ku Blantyre, analowa choimirira, anawayang'ana m'maso, n'kupempha pomwepo. Wokwera minibasi yopita ku boma anali iyeyo. Atatuluka anandifunsa, anzathu akumva, ngati mu ofesimo ndinkapepesa maliro. Ndinaseka nawo kuti ndisalire.

Mpaka lero mtima umandiwawa. A Mpinga sanatiuzepo kuti m'Chingerezi wopempha amaima, amayang'ana kumaso, n'kunena msanga. Ankangotilembetsa ziganizo za pabolodi. Anandiyesa pa zimene sanandiphunzitse, n'kundiyesa wopanda nzeru. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti iwo anali a ku Chiromo konkuno. Lamlungu lotsatira ndinawaona kuseri kwa tchalitchi atanjuta pamaso pa apongozi awo, chipewa m'manja, akudikira kufunsidwa. Chimene ndinkadikira ine ankachidziwa bwino lomwe. Anangosankha kukhala chete.

Yunifolomu ija amayi anangoipinda n'kuisunga.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana amamva Chingerezi pa foni, ena amalowa mu ofesi ngati akulowa m'golosale. Inenso ndine mphunzitsi tsopano, ndipo mayeso a pakamwa ndimawachititsa. Koma tisanayambe ndimawaonetsa njira zonse ziwiri, ya kwathu ndi ya eni chiyankhulocho, n'kuwauza imene ndikufuna lero. Ngakhale zili choncho, chaka chilichonse pamapezeka kamtsikana kamene kamagwada pambali pa tebulo langa, maso pansi. Ndimaika cholembera pansi, n'kukafunsa m'Chingerezi: "Ndikuthandize chiyani, mwanawe?"

Palibe ndi mmodzi yemwe amene analephera kundiyankha.