Lamulungu Limene Mapemphero Anakana Kutha

Mpingo wathu ndi waung'ono moti anthu ambiri kuno ku Domasi sadziwa n'komwe kuti ulipo. Amene amaudziwa amatiseka kuti ndife osowa chonena, koma dzina lathu ndi Abwenzi. Tilibe abusa, tilibe kwaya, ngakhale guwa tilibe. Timakumana m'kanyumba ka malata m'mphepete mwa njira yopita ku Mishoni, mabenchi atayang'anizana, ndipo timakhala chete kudikira Mulungu. Wina akamva kuti wapatsidwa mawu amaimirira, n'kunena, n'kukhala pansi. Palibe womuyankha kapena womuombera m'manja.

Ine ndine wolongolola chibadwire. Pamene ndinkalowa mpingowu, anzanga amene tinkaimba nawo kwaya ku Mishoni anaseka mpaka kugwira nthiti. Ankati ine kukhala chete ndi pokhapokha nditagona, ndipo ngakhale pamenepo ankakayika. Koma ndinazolowera, ndipo ndinakukonda kukhala chete kumeneko kuposa mmene ndinkaganizira.

Alendo amakonda kufunsa kuti, nanga popanda abusa mumadziwa bwanji kuti mapemphero atha? Timadziwira dzanja. Chaka chilichonse timasankha anthu awiri okhala pa benchi imodzi moyang'ana khomo. Nthawi ikakwana, awiriwo amagwirana chanza, kenako tonse timapatsana moni n'kutuluka. Iwo asanagwirane chanza, palibe amene amadzuka.

Chaka chimene ndikunenachi tinasankha amuna anga ndi achimwene anga aakulu. Panalibe wodabwa, chifukwa awiriwo ankadyera mbale imodzi, kumsika ankapita pa njinga imodzi. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Amuna anga kwawo ndi ku Naisi, ndipo anabwera pamudzi pathu ngati mkamwini, kudzalima minda ya amayi anga. Achimwene ndiwo mwinimbumba wathu, ndiwonso nkhoswe ya ukwati wanga.

Chilimwe cha chaka chimenecho madzi anachepa mumtsinje. Ndime zathu za mpunga ndi za achimwene zimamwera ngalande imodzi, choncho tinagawana masiku. Tsiku lathu litafika, amuna anga anapeza ngalande itatsekedwa ndi matope, madzi onse akuthamangira kwa achimwene. Anatsegula. Tsiku lathu lotsatira anapezanso chimodzimodzi. Mbande zathu panazale zinayamba kufota, kenako zinapsa zonse.

Atapita kukafunsa, achimwene anawayankha pamaso pa anthu onse amene anali kudamboko.

"Mukudandaula madzi a ndani? Munabwera nawo kuchokera ku Naisi? Inu pano munabwera ndi chikwama chokha."

Amuna anga anangotsuka khasu lawo, n'kubwera kunyumba. Ndikanakonda akanatukwana, chifukwa munthu wotukwana mawa amaiwala. Iwo anangoyamba kulawirira ku Naisi tsiku ndi tsiku, n'kumabwera madzulo mapazi ali mbuu. Mchemwali wawo ndiye anandinong'oneza kumsika kuti akuumba njerwa pamalo a makolo awo. Mkazi aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake mkamwini akayamba kuumba njerwa kwawo.

Nditawafunsa anandiyankha mofatsa, mmene amayankhulira nthawi zonse.

"Mayi, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma sindingakhale pamalo pomwe ndikuwerengedwa ngati mlendo. Mukafuna mudzanditsatire."

Kuwatsatira kuti? Minda yanga ili kuno, manda a amayi ali kuno, ana anga kwawo ndi kuno. Ku Naisi ndikanakakhala wopempha ngakhale podzala mpiru. Ndinaona banja langa likutha ndikuyang'ana, popanda wachigololo, popanda womenya mnzake, chifukwa cha matope odzaza manja awiri. Ndipo mlandu wa banja umapita kwa ankhoswe, koma ankhoswewo ndiwo anali opalamula. Nditapita kwa achimwene anangoti, "Asiyeni apite, njala ikawawawa abwera okha." Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano.

Kumapemphero awiriwo anayamba kuzembana. Sabata ina achimwene ankadwala malungo a mtundu wodabwitsa, oyamba Loweruka madzulo n'kutha Lolemba m'mawa. Sabata inayo amuna anga ankakhala ali ku Naisi. Mmodzi akasowa, pa benchi paja pankakhala aphunzitsi opuma ntchito amene anabweretsa mpingowu kuno, ndipo mapemphero ankatha bwinobwino. Aliyense ankadziwa nkhaniyo. Ena anayesa kuwayendera kunyumba, koma anabwerako manja ali m'khosi.

Loweruka lina amuna anga anamanga katundu wawo pa njinga, n'kuitsamiritsa kuseri kwa nyumba. Anati anyamuka Lolemba, koma mawa apita kaye akatsanzike Abwenzi. Masana omwewo ndinakumana ndi akazi a achimwene pamjigo.

"Alamu, tamva kuti abambo akunyumba anapita. Zoona?"

"Katundu amanga," ndinayankha choncho, n'kusenza ndowa yanga.

Sindinaname. Katundu anali atamangadi. Ngati uthenga unakafika kwa achimwene utasintha maonekedwe, amene anausintha si ine, ndipo mpaka lero sindiona pamene ndinalakwa.

Lamulungu achimwene analawirira, malungo atawasiya. Anakhala pa benchi yawo atavala jekete, chifuwa chili patsogolo. Titakhala pang'ono, pakhomo panaima amuna anga. Anaona amene ali pa benchipo, ndipo ndinaona phazi lawo likufuna kubwerera. Koma si munthu wobwerera anthu akuona. Analowa, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa benchi. Pakati pa awiriwo panatsala malo oti thumba la mpunga likhoza kukhalapo osakhudza aliyense.

Tinakhala chete monga mwa nthawi zonse. Kunja kunkamveka nkhuku, njinga zodutsa, ndi kwaya ya ku Mishoni imene mphepo imatibweretsera pang'onopang'ono. Mayi wina anaimirira n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wake watuluka m'chipatala. Tinakhalanso chete. Ine ndinkangopemphera mawu amodzi, kuti Ambuye musandichititse manyazi.

Wotchi tilibe. Chizindikiro chathu ndi anthu a ku Mishoni akamadutsa panjira pobwerera kwawo. Tsiku limenelo anadutsa, amayi a mvano akuseka, ana akuthamangitsana, mpaka njira inakhalanso zii. Pa benchi paja panalibe dzanja limene linasuntha. Achimwene ankayang'ana denga, amuna anga ankayang'ana nsapato zawo.

Mwina mukuti, bwanji sanangogwirana chanza mwachiphamaso kuti anthu apite kwawo? Uko n'kusatidziwa. Ife sitilumbira ngakhale pabwalo la milandu, chifukwa timakhulupirira kuti mawu a munthu ayenera kukwanira okha. Awiriwo anali atakhala zaka akuuza ena zimenezi. Kupereka dzanja labodza pamaso pa anthu odziwa nkhani yonse sakanatha, ndipo kutuluka mapemphero asanathe sakanathanso. Ine ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe pamene ndinkasenza ndowa ija.

Dzuwa linafika paliwombo, malata anayamba kuthetheka. Thukuta linkayenderera kumsana. Pali mayi wina wachisilamu amene amatidikira panja Lamulungu lililonse ndi beseni la zitumbuwa. Ndinamuona akusuzumira pawindo, n'kuchoka, n'kudzasuzumiranso. Kenako kumzikiti kunamveka mawu oitanira anthu ku swala ya masana. Chiyambire mpingo wathu tinali tisanamvepo mawu amenewo tili m'kati.

Apa m'pamene ndinaona ngozi. Aphunzitsi aja ndi munthu wachifundo kwambiri, ndipo chifundo chawo chinatsala pang'ono kundiphera banja. Anasuntha pamene anakhala, n'kupukuta dzanja pa thalauza, n'kuyamba kutembenukira kwa bambo amene anayandikana nawo. Ankafuna kutseka okha mapemphero kuti awapulumutse awiri aja. Akanatero, tikanatuluka tonse, ndipo Lolemba njinga ikanapita ku Naisi.

Ndinangozindikira ndaimirira. Pa zaka zonse zimene ndinakhala mumpingomo ndinali ndisanayankhulepo pa mapemphero, ine wolongolola uja.

"Abwenzi," ndinatero, "ine sindikufulumira. Ndiwo ndinaphikiratu."

Ndinakhala pansi. Pali ena mpaka pano amene amakayika ngati mawu amenewo anachokera kwa Mulungu. Ine ndimati anachokeradi, chifukwa akanakhala anga sakanafupika choncho.

Aphunzitsi anabweza dzanja lawo, n'kuliika m'thumba. Mayi amene anali pafupi nane anamasula mwana kumsana, n'kuyamba kumuyamwitsa. Bambo wina anavula nsapato, n'kuziika bwinobwino pansi pa benchi. Mkulu wina amene amawodzera sabata iliyonse anadzuka, n'kupinda manja pachifuwa, maso ali pa benchi ija. Palibe amene anayang'ana mnzake, koma ndinadziwa kuti sindilinso ndekha. Mtima wanga unadzaza moti ndinkafuna kuimba. Anthu ochepa, osauka, osekedwa ndi mudzi wonse, anali atagwirizana kuti akhala ndi njala mpaka banja langa litaima.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Mthunzi wa windo unachoka pakhoma n'kufika pansi. Achimwene anavula jekete. Anatsokomola. Anatulutsa kansalu n'kupukuta m'khosi. Kenako benchi inalira, ndipo anaimirira.

"Ngalande ija ndinatseka ndine," anatero, mawu ali okhakhala. "Ndinaopa kuti mpunga wanga uuma. Wanga sunaume, wa alamu unapsa." Anayang'ana kwa amuna anga. "Ndiye ndinati anabwera ndi chikwama chokha. Malata amene akutiwotchawa anakhoma ndi iwowa. Amayi athu akudwala, amene ankawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala ndi iwowa, ine ndili ku ntchito kutauni. Ndinayankhula zopusa. Pepani."

Anatembenuka, n'kutambasula dzanja.

Amuna anga sanadzutse mutu. Pa mapemphero athu munthu sayankha mnzake, choncho panalibe woti anene kuti landirani, kapena khululukani. Dzanja la achimwene linangokhala m'malere. Ndinawakwiyira achimwene masabata onse aja, koma pamenepo ndinawamvera chisoni. Munthu wamkulu, mwinimbumba, woti pamaliro ndi paukwati anthu amadikira mawu ake, ataima pakati pa anthu ngati wopempha mchere.

Dzanja lija linayamba kutsika pang'onopang'ono. Ndinati basi, akalibweza zatha. Koma sanalibweze. Anatenga dzanja lamanzere n'kuchirikiza lamanjalo pachigongono, n'kuwerama pang'ono, mmene mwana amaperekera moni kwa munthu wamkulu. Kaya kunali kutopa kaya unali ulemu, sindinawafunsepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti achimwene anali asanaperekepo moni wotero kwa mkamwini aliyense.

Amuna anga anaona. Anayang'ana dzanjalo, kenako anayang'ana ine. Anaimirira, nawonso n'kuchirikiza dzanja lawo pachigongono, n'kugwira la alamu awo.

Ndinaimba nthungululu. Inde, mumpingo wa anthu okhala chete, ndinaimba nthungululu mpaka malata analira. Mapemphero anali atatha, ndiye panalibe lamulo limene ndinaswa. Amayi ena anandilandira, aphunzitsi ankapukuta magalasi amene sanali akuda, ndipo bambo uja anayenda kupereka moni kwa aliyense ali chosavala nsapato. Panja mayi wa zitumbuwa nayenso anaimba nthungululu asanadziwe n'komwe chimene chachitika.

"Iii, anthu inu," anatero titatuluka, "lero Mulungu wanu anachedwa kufika eti?"

"Anafika kalekale, mayi," ndinamuyankha. "Amadikira achimwene."

Zitumbuwa zinatha zonse tsiku limenelo, ngakhale zinali zitazizira.

Lolemba m'mawa ndinamva kuodira pakhomo. Anali achimwene, miyendo ili matope okhaokha, atasenza mitolo ya mbande zochokera panazale pawo.

"Alamu, ngalande ndatsegula. Tiyeni tikaoke dzuwa lisanakwere."

Amuna anga anapita kuseri kwa nyumba, n'kubwera ndi njinga. Anamasula katundu uja, n'kundipatsa, ndipo pamalo pake anamangapo mbande. Ine ndinalowa naye m'nyumba katunduyo, n'kubwezera malaya aliwonse pamene ankakhala. Mpunga wa chaka chimenecho unachedwa kucha, koma tinakolola.

Njerwa zija zikadali ku Naisi, pafupi ndi msewu. Sanaziwotche, ndipo mvula yazisungunula mpaka zasanduka kachulu komera udzu. Amuna anga akamadutsapo amayang'ana kumbali. Ine ndikakwera minibasi yopita ku Zomba ndimalimbirana mpando wa kuwindo, kuti ndizione bwino.