Makwerero Ofiira a Kuseri Kwathu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene nyumba yathu ya ku Entre Lagos inapsa. Mpaka lero achibale amati moto unayamba ndi mbaula yomwe amayi anaiwala kuzimitsa. Si zoona. Ndinayatsa ndine.

Tsiku lofika komboyo, sitima ya pamtunda ija, amayi ankapita kusiteshoni kukagulitsa nsomba zouma. Ine ankandisiya ndi mlongo wanga Tomasi, yemwe anali asanayambe kuyenda, n'kutitsekera ndi loko wakunja. Sizinali nkhanza ayi. Masiku amenewo pamalopo pankadzaza alendo, ndipo azimayi ambiri a mzere wathu ankachita chimodzimodzi. Mawindo anali a zitsulo, kiyi amayi ankamangirira pa ngodya ya kapulana yawo, chitenje chomwe ankavala.

Kuseri kwathu kunkakhala a Jafali. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi ngati makolo anga, koma iwo anakafika mpaka m'tauni, n'kukagwira ntchito pa galimoto yozimitsa moto, ija ya makwerero otambasuka mpaka pamwamba pa nyumba zosanja. Atabwerera anapeza kuti kwathu galimoto yotero kulibe. Ndiye anadula nsungwi ziwiri zikuluzikulu, anakhoma makwerero, n'kuwapaka utoto wofiira. Ankawatsamiritsa pa mtengo wa mango, ndipo sankabwereketsa ngakhale kwa ofolera nyumba. Anthu ankawaseka. Odutsa ankawatchula Bombeiru, kutanthauza wozimitsa moto, n'kumafunsa kuti, "A Bombeiru, galimoto yanu yatha gazolina kodi?" Iwo ankayankha kuti yawo imayendera phala la m'mawa.

Masana a tsiku la motolo ndinalakalaka mtedza wokazinga. Mbaula inali pabalaza pafupi ndi chitseko, pambali pa matumba a makala. Ndinathira parafini monga ndinkaonera amayi, koma ndinachulutsa. Nditakhwatcha machesi, moto unalumpha n'kugwira nsalu yotchinga pakhomo. Ndinaumenya ndi tsache, tsache nalo linayaka.

Apa ndi pomwe pamandivuta kunena. Sindinaganize za imfa. Ndinaganiza za mthiko. Sabata yapitayo amayi anali atandikwapula nawo chifukwa chotaya mafuta ophikira, ndipo mumtima ndinkangoti, ngati mafuta anandipweteketsa chotero, nanga nsalu? Pawindo ndinkawaona anansi athu akuchapa, pafupi ndithu, moti ndikanangoti "moto!" akanamva. Sindinakuwe. Ndinanyamula Tomasi, ndinalowa kuchipinda, ndinatseka chitseko, n'kukwawira naye pansi pa kama. Atayamba kulira ndinamugwira pakamwa kuti anthu asatimve.

Utsi unayamba kulowera pamwamba pa khoma, poti nyumba inalibe siling'i. Unkawawa m'maso ngati tsabola. Malata ankathetheka. Kenako ndinamva mapazi, zidebe, anthu akumenya chitseko chakumaso. Wina anafuula kufunsa ngati m'nyumbamo muli anthu. Ndinakhala chete. Wina anayankha kuti ana apita ndi mayi wawo kusiteshoni. Ndikunena zoona, nditamva zimenezo mtima unakhala pansi, poganiza kuti sandipeza. Tomasi anali atasiya kulimbana ndi dzanja langa. Ine ndinkayesa wagona.

Zomwe zinkachitika panja ndinazimva pambuyo pake. A Jafali anali atawaona amayi m'mawa akudutsa, dengu pamutu, kumsana kulibe mwana. Anawaletsa amuna omwe ankamenya chitseko aja kuti asachithyole, amvekere mukatsegula pamenepo moto upeza mpweya n'kuthamangira kuchipinda. Ena anawanyoza kuti mkulu uyu wapenga. Iwo anathamangira pa mtengo wa mango paja. Anazungulira kuseri ndi makwerero awo, anakwera padenga, anakanganula lata limodzi ndi chitsulo, kenako anakoka makwerero aja n'kuwatsitsira mkati.

Ine ndinangoona kuwala kukugwa pakati pa utsi, ndiyeno miyendo iwiri yofiira ya makwerero ikutera pansi pafupi ndi nkhope yanga. Kunatsika mapazi opanda nsapato. A Jafali sanayang'ane kuseri kwa chitseko kapena kuitana uku ndi uku. Anagwada molunjika pa kama paja.

"Lusiya, palibe akumenye. Ndipatse kaye mwanayo."

Sindinasunthe. Anabwereza mawu omwewo, pang'onopang'ono, ngati tili ndi tsiku lonse. Ndinamusiya Tomasi. Anamubereka ndi kapulana ngati mzimayi, ine anandikankhira patsogolo kuti ndikwere. Nsungwi zinali zotentha. Pamwamba anatipatsira kwa amuna omwe anaima pa mgolo.

Tomasi anagona kuchipatala ku Insaca masiku angapo. Anachira, koma mpaka pano nyengo yozizira chifuwa chake chimalira ngati mluzu, ndipo ndikachimva ndimamva dzanja langa pakamwa pake. Anthu atafunsa chomwe chinayambitsa moto, a Jafali anangoti mbaula. Kenako a Jafaliwo anawatengera amayi pambali, ndipo zomwe anakambirana sindizidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti loko wakunja sanagulenso, ndipo mthiko unabwerera ku ntchito yake yophikira.

Patapita masabata ndinalimba mtima n'kuwafunsa a Jafali kuti anadziwa bwanji pomwe ndinali. Anali akupakanso utoto pomwe makwerero anawauka. Anati pagalimoto paja asanawaphunzitse kukwera kapena kugwira paipi, anawauza kuti m'nyumba yoyaka wamkulu umamupeza pakhomo, mwana umamupeza pansi pa kama. "Mwana sathawa moto, mwanawe. Amathawa amene adzafunse kuti wayatsa ndani."

Pano ndili ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi, ndimakhala ku Cuamba, ndipo ndili ndi mwana wa zaka zitatu, Nelita. Ndine mayi wamantha, sindikana. Mbaula ndimaibwerera katatu ndisanatuluke. Kiyi ndinamukhomera msomali m'munsi, poti ngakhale mwana afikire. Ndinkadziona ngati munthu amene anaphunzira.

Mwezi watha Nelita anagwetsera foni yanga m'beseni la madzi, ndipo ndinam'menya mbama ndisanaganize. Patangopita masiku awiri ndinamva kapu ikusweka kuchipinda, kenako zii. Nditalowa ndinapeza magalasi pansi, mwana osaoneka. Miyendo yanga inadziwa yokha pogwada. Anali pansi pa kama, atadzigwira pakamwa, magazi akutuluka pachala.

Ndinamuuza mawu a a Jafali aja, kuti palibe am'menye. Anandiyang'ana osasuntha. Ndinabwereza kanayi asanatuluke, ndipo nthawi yonseyo ndinkawerenga mumtima kuti kukanakhala utsi, sitikanakwanitsa.

Zaka zonsezi ndinkayesa phunziro la tsiku lija ndi la loko ndi parafini. Kiyi uja ali m'munsi ndithu, koma mwana woopa mayi ake sapita kukamutenga. Ku nyumba ino kulibe a Jafali kuseri. Amene angamutulutse Nelita pansi pa kama moto usanafike ndi ine, ndipo ntchitoyo imayamba tsiku losweka kapu.